Tinakwera sitima ya ku Durban: za kubukitsa malo ndi kufupa antchito

Chithunzicho chinalowa pa WhatsApp madzulo ena mu Ogasiti 2023, ndikuwerengera ndalama kuti nditseke shopu. Anatumiza ndi mwana wathu woyamba, amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Inali sitima yapamadzi yoyera mbee, yosanjikizana kuposa nyumba iliyonse imene ndinaionapo ku Lilongwe, ndipo m'munsi mwake munali mtengo wa m'marandi. Nditautembenuza m'makwacha ndinaona kuti ndi ndalama ndithu, koma osati yoti munthu n'kuthawa. Mwanayo anawonjezera kuti, "Amayi, mu Febuluwale mukukwanitsa zaka 30 muli limodzi ndi adadi. Kakwereni iyi, ine ndithandizapo mbali ina."

Tinapitadi, ndipo sindinong'oneza bondo ngakhale pang'ono. Koma ndalama imene tinaona pachithunzi paja ndi imene inatuluka m'thumba mwathu zinasiyana kutali, ndipo zambiri zimene zinatidzidzimutsa tikanazidziwiratu pakanakhala wotiuza. Chibwerereni amayi anzanga a kutchalitchi ndi a kubanki mkhonde akhala akundifunsa za ulendowu mmodzimmodzi, ndiye ndati ndingolemba zonse pamodzi.

Ine ndimagulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a kumunda pa Kasungu boma. Bambo akunyumba ndi mphunzitsi wopuma pantchito, pano amalima chimanga ndi soya cha ku Santhe. Sitima imene tinkaidziwa ndi Ilala yokha, ija yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951. Tinaikwerapo kamodzi kuchokera ku Nkhotakota kupita ku Likoma. Pa Ilala zinthu n'zosavuta kumva: walipira tikiti, wakwera, njala ikakupweteka wagula chakudya ndi ndalama ya m'manja. Ife tinkayesa kuti ya ku Durban ndi Ilala yomweyo koma yokulirapo. Apa m'pamene tinayambira kuphonya.

Mtengo wa pachithunzi umakhala ndi kamawu kakang'ono kutsogolo kwake kotanthauza kuti "kuyambira pa". Ndi mtengo wa chipinda chotchipitsitsa, pa tsiku lotchipitsitsa, wa munthu mmodzi, ndipo amauwerengera kuti m'chipindamo mugona anthu awiri. Amene akufuna kupita yekha n'kugona yekha amalipira pafupifupi kawiri. Izi ndimawauza kwambiri amayi amasiye amene amandifunsa: pezani mnzanu wogona naye chipinda chimodzi, apo ayi mulipirira bedi lopanda munthu. Titafika polipira penipeni panawonjezekanso zinthu zitatu zosakanika, msonkho wa padoko, inshulansi, ndi ndalama ya antchito a m'sitima. Pa ulendo waufupi ngati wathu, wa mausiku 4, zitatuzi zinakweza mtengo moti bambo anavula magalasi n'kuwapukuta kaye asanawerengenso. Choncho musanayambe kugawa ndalama m'mutu, funsani funso limodzi lokha: zonse pamodzi, anthu awiri, chipinda chakuti, tsiku lakuti, ndi zingati? Akulembereni yankholo.

Za amene mukumpatsa ndalama zanu ndinenepo mosabisa, chifukwa pa Facebook pali anthu ambiri odzitcha maejenti a maulendo. Ejenti weniweni mukangolipira dipoziti amakupatsani nambala ya malo anu, ndipo nambalayo mukailowetsa pa intaneti patsamba la kampani ya sitimayo mumapeza dzina lanu, chipinda chanu ndi tsiku lonyamuka. Ngati munthu akuzengereza kupereka nambala imeneyi, kapena akuti mutumize ndalama pa nambala ya foni yake, bwererani. Ife mwana wathu anabukitsa ku kampani komweko. Dzina lilembedwe ndendende monga lilili mu pasipoti. Pasipotiyo ikhale yoti yatsala ndi miyezi yoposa 6 kuchokera tsiku lobwerera, ndipo ikhale ndi masamba opanda chidindo. Ife Amalawi sitifunika viza pokacheza masiku ochepa ku South Africa kapena ku Mozambique, koma sitima zopita ku Europe kapena ku America ndi nkhani ina, kumeneko dziko lililonse limene sitima ikaime muyenera kufufuza za viza yake musanalipire kanthu.

Zipinda zilipo zamitundumitundu. Chamkati chilibe zenera, mukazimitsa getsi ndi mdima wa ndiwe yani ngakhale kunja kuli dzuwa la 10 koloko. China chili ndi zenera losatseguka, china chili ndi kakhonde kake. Bambo ankafuna chamkati, ati kuchipinda tizikangogonako. Sanalakwe, masana onse munthu umakhala panja. Koma ine ndinalimbikira cha zenera, ndipo ndimathokoza kuti ndinatero, chifukwa usiku woyamba chizungulire chitandigwira kuyang'ana kunja kunandithandiza. Chimene ndaona kuti n'chofunika kuposa zenera ndi pamene chipindacho chili. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa sitima, makamaka kumwamba, ndi kumene kumagwedezeka kwambiri. Pakati, cha m'munsi, ndi pokhazikika. Palinso mtengo wina wotsikirapo woti kampani ikusankhireni yokha chipinda. Mupulumutsapo ndalama, koma mwina mukapezeka pansi pa malo ovinira pamene nyimbo zimalira mpaka mbandakucha.

Sitima za ku Durban zimayenda nyengo yathu ya dzinja, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo. Disembala ndi kuchiyambi kwa Januwale mitengo imakhala kumwamba popeza ana a sukulu kumeneko ali patchuthi. Febuluwale inatikomera kawiri: mtengo unali wotsikirapo, komanso kuno kupalira ndi kubandira zinali zitatha, kushopu anthu ogula feteleza atachepa. Koma dziwani kuti miyezi yomweyi ndi ya namondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Ife amene tinaona zimene Freddy anachita mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa zambiri. Nyengo ikaipa woyendetsa sitima ali ndi mphamvu yosintha njira kapena kulambalala doko, ndipo zimenezo zinalembedwa m'mapepala amene mumavomereza pobukitsa. Muwerenge mapepalawo, makamaka pamene akunena za ndalama imene mungabwezeredwe mukalephera kupita, chifukwa tsiku likamayandikira yobwezayo imachepa mpaka kutheratu.

Cholakwa chathu chachikulu chinali ichi. Dipoziti tinalipira mu Sepitembala, yotsalayo tinati tidzamaliza mu Disembala, malonda a feteleza akadzagwira. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100 alionse. Dola imene inali pa K1,180 kubanki inafika pa K1,700 tsiku limodzi. Ngongole yathu m'marandi sinasinthe ngakhale ndi senti, koma m'makwacha inatupa usiku umodzi, ndipo nthawi yomweyo katundu woika m'shopu anakweranso mtengo. Tinakhala pansi n'kuganiza zongosiya, koma kusiya kunali kutaya dipoziti. Tinagulitsa ng'ombe imodzi imene sitinkaganiza zoigulitsa. Munthu amene amapeza ndalama m'makwacha koma ulendo wake uli m'marandi kapena m'madola, akapeza mpata alipire zonse msanga. Mwayi wolipira pang'onopang'ono ndi wabwino kwa amene ndalama yawo siyenda pansi ngati yathu. Chimodzimodzi ndalama yonyamula m'thumba: madola ndi osowa m'mabanki mwathu, ndiye pitani msanga ndi pasipoti ndi matikiti anu, osadikira sabata yonyamuka.

Kukafika ku Durban nakonso ndi ndalama imene pachithunzi palibe. Kuchokera pa Kasungu tinatsika ndi M1 mpaka ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, n'kuuluka maola awiri ndi theka kukatera ku OR Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg. Tinagona kwa mwana wathu, kenako ndege ina ya ola limodzi mpaka ku King Shaka, bwalo limene lili kunja kwa mzinda wa Durban, moti pamafunikanso galimoto yokufikitsani kudoko. Basi iliponso, yodzera ku Tete ndi ku Zimbabwe n'kukalowera pa Beitbridge, ndipo ndi yotchipa, koma pachipata paja palibe amene angakulonjezeni ola lotuluka. Kaya ndege kaya basi, kafikeni ku Durban kutatsala tsiku lathunthu. Sitima sidikira munthu. Ndege yanu ikachedwa iyo imanyamuka, ndipo ndalama yanu yapita nayo.

Tsopano nkhani ya ndalama m'sitimamo, imene ndikufuna kukhalapo pang'ono.

Mukangokwera amakupatsani khadi. Khadi limeneli ndi kiyi wa chipinda, ndi chiphaso chotulukira ndi kulowera, komanso ndi chikwama chanu. M'sitima simugwiritsa ntchito ndalama ya m'manja. Chilichonse mwagula amangodutsitsa khadi lija, ngongole n'kumaunjikana, ndipo m'sitima yathu mitengo yonse inali m'madola a ku America ngakhale tinanyamukira ku South Africa. Chakudya cha m'chipinda chachikulu chodyera ndi cha kumalo kodzitengera wekha chinali cholipiridwa kale, ndipo chinali chochuluka moti maso ankakhuta mimba isanayambe. Madzi a pamakina, tiyi ndi khofi wa kumeneko zinalinso zaulere. Koma zoziziritsa kukhosi, madzi a m'botolo, mowa, zithunzi zimene amakujambulani polowa, intaneti, kuonana ndi dokotala, zonsezi n'zolipira. Ndipo pa chakumwa chilichonse ankawonjezapo 15 pa 100 alionse ya antchito.

Kuti khadi la m'sitima ligwire ntchito mumalilumikiza ku khadi la kubanki kapena mumasiya ndalama pakaunta. Ife tinalumikiza khadi langa la kubanki ya kuno. Chimene sindinkadziwa n'chakuti sitima imayamba yatsekera ndalama ina mu akaunti ngati chikole, ndipo ngongole ikamakula imatsekeranso ina. Yoyamba inatheka. Yachiwiri inakanika, chifukwa khadi langa linali ndi malire a ndalama yogwiritsa ntchito kunja kwa dziko, ndipo ine sindinapite kubanki kukafunsa ndisananyamuke. Tinazindikira madzulo a tsiku lachiwiri, bambo ataitanitsa zakumwa ziwiri, mtsikana wogulitsa n'kutinong'oneza mwaulemu kuti tipite kaye kukaunta. Mwamwayi tinali ndi madola m'chikwama, tinakasiya pakaunta nkhani n'kutha. Koma ndalama yotsekeredwa ija inatenga pafupifupi milungu iwiri kuti imasuke, ife tili kale ku Kasungu. Ndikadzapitanso ndidzasiya ndalama ya m'manja kuyambira tsiku loyamba. Ikatha yatha, umadziwa pamene uli, ndipo yotsala amakubwezera.

Foni nayo muisamale. Sitima ikatalikira kumtunda foni imagwira netiweki ya m'sitima yodzera pa setilaiti, imene mtengo wake ndi woopsa. Ikani foni pa chizindikiro cha ndege chija mukangochoka padoko.

Nkhani ya kufupa antchito ndi imene inatitengera nthawi yaitali kukambirana ine ndi bambo, ndipo ndi imene anthu amandifunsa mokayikira kwambiri. Pamapepala amailemba kuti service charge, makampani ena amati gratuities. Ndi ndalama yoikika pa munthu aliyense pa usiku uliwonse, ndipo makampani amanena kuti imagawidwa kwa okonza m'zipinda, operekera zakudya, ndi ena amene simuwaona n'komwe, monga otsuka mbale ndi ochapa. Kalipiridwe kake kamasiyana. Kwa ife inali yokakamiza ndipo tinailipiriratu pobukitsa. Pa sitima zambiri za ku America amaiwonjezera ku ngongole ya pakhadi tsiku ndi tsiku, ndipo pa chipinda wamba imakhala cha pakati pa madola 16 ndi 20 munthu mmodzi pa tsiku. Tawerengerani: anthu awiri, mausiku 7, pa madola 18, ndi madola 252. Pa mtengo wa kubanki uja wa K1,700 ndi ndalama yoposa K428,000, imene munthu wosadziwa amakaiona koyamba pa bilu ya tsiku lomaliza. Makampani ena anaiphatikiza mu mtengo wa tikiti, monga P&O Cruises ya ku Britain imene inasiya kulipiritsa payokha mu 2019. Ndiye poyerekeza mitengo ya sitima ziwiri, funsani ngati ya antchito ili mkati kapena ayi, chifukwa yooneka yotchipa itha kukhala yodula.

Kunoko mawu akuti "ya Fanta" anatiipitsira nkhaniyi. Tikamva zopereka kangachepe kwa wantchito maganizo amathamangira ku chiphuphu, kwa munthu amene wakhalira fayilo yako mpaka umuone. Bambo ndi munthu amene pa zaka zonse za uphunzitsi wawo ankadana ndi zimenezo, ndipo ndimawalemekeza pa chifukwa chimenecho. Koma izi ndi zina. Chiphuphu chimaperekedwa ntchito isanagwiridwe, mobisa, kuti munthu akuchitire zimene anayenera kuchita kale kapena zimene sayenera kuchita. Kufupa timakudziwa bwino ife a ku Kasungu. Gule akavina mogwira mtima pabwalo timafupa, poyera, atavina kale. Paukwati timafupa. Palibe amene amati n'chiphuphu.

Chipinda chathu ankakonza ndi mnyamata wa ku Indonesia, wa msinkhu wa mwana wathu wachiwiri. Usiku woyamba uja, sitima itatuluka padoko n'kuyamba kukwera ndi kutsika, ine ndinalephera kupita kukadya. Ndinagona chafufumimba, m'kamwa muli malovu okhaokha. Mnyamatayo atabwera kudzayala bedi anandipeza choncho. Sanalankhule zambiri. Anatuluka, n'kubwerera ndi maapozi awiri obiriwira ndi mabisiketi ouma pambale, n'kunena kuti, "Madam, idyani pang'onopang'ono, ndipo muziyang'ana kutali kumene madzi akumana ndi thambo, osati pansi." Anasuntha katani kuti zenera lionekere pamene ndinagona. M'mawa anagogoda kudzafunsa ngati ndadzuka bwanji. Anaona kuti bambo amamwa mankhwala a BP m'mamawa, ndipo kuyambira tsiku limenelo tambula yoyera inkakhala pafupi ndi mankhwalawo nthawi zonse, ife osamuuza.

Tsiku lachitatu ndinamufunsa za kwawo. Anatulutsa foni n'kundionetsa mwana wakhanda atakulungidwa m'nsalu. Anati mwanayo anabadwa iye ali kale panyanja, sanamunyamulepo, ndipo kontirakiti yake ya miyezi 8 inali itatsala ndi miyezi itatu. Tsiku lopuma lathunthu alibe, amangopuma maola. Lamulo la padziko lonse la anthu ogwira ntchito m'sitima, la mu 2006, limati munthu apume maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, kutanthauza kuti tsiku lina atha kugwira mpaka maola 14 lamulo osaphwanyidwa. Ine ndinkamuona m'khonde 7 koloko m'mawa, ndinkamuonanso 9 koloko usiku tikuchokera kukadya, akukankha ngolo yake ya matawulo.

Bambo anga ondibereka anachoka ku Mulanje kudzakhala tenanti pa esiteti ya fodya kuno ku Kasungu, ndipo ine ndinakulira m'zisakasa za pa esiteti. Ndikudziwa kugwira ntchito miyezi yambirimbiri kutali ndi kwanu, maso ali pa ndalama imene idzabwere kumapeto fodya akagulitsidwa kuokushoni, ndipo ndikudziwa nkhope ya munthu akauzidwa kuti atachotsera chimanga, mchere ndi feteleza, yotsala ndi iyi. Utenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, ndipo sindikunena kuti mnyamata uja ndi tenanti, iye ali ndi kontirakiti ndi malipiro a pamwezi. Koma nditamva kuti pa sitima zina alendo amaloledwa kupita kukaunta kukachotsetsa ndalama ya antchito pa bilu yawo, ndipo ena amaterodi usiku womaliza atadyerera ndi kuyalidwira sabata yonse, ndinakumbuka bambo anga. Ine maganizo anga ndi akuti zikanakhala bwino makampani onse akanaika ndalamayi mu mtengo wa tikiti n'kumalipira antchito awo mokwanira, kuti pasakhale zodalira mtima wa mlendo. Koma pamene sanatero, amene amapwetekeka mukachotsetsa si kampani. Ngati china chake sichinakusangalatseni, kanenani kukaunta tsiku lomwelo kuti akonze. Ngati ndalama ya antchito ikukulemerani, ndiye kuti ulendowo sunakwane, dikirani chaka china.

Usiku womaliza ndinatulutsa envulopu. Bambo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, ija tinalipira kale papepala ija si yomweyi? Tiperekenso kawiri?"

Ndinati, "Bambo, ija ndi ya onse, ndipo tathana nayo. Iyi ndi ya maapozi aja."

Anakhala chete kanthawi, kenako anatsegula chikwama chawo n'kuwonjezapo. Tinaikamo madola 20, ndipo woperekera zakudya patebulo pathu, amene anazindikira tsiku loyamba kuti bambo sadya za tsabola n'kumawachenjeza asanaitanitse, tinampatsa madola 10. Koma ndimveketse bwino: yapamwambayi si yokakamiza. Makampani ena amanena okha kuti mukalipira ija yoikika palibe chifukwa chofupiranso munthu payekha. Amene sanawonjezere sanalakwire aliyense, ndipo musalole munthu kukuchititsani manyazi. Chenjeraninso ndi malisiti a kumalo omwera. Pa sitima zina pansi pa lisiti pamakhala mzere woti mulembepo ina yofupa pamene ya antchito aiwonjezera kale pamwamba. Werengani musanasaine kuti musapereke kawiri mosadziwa.

Pali njira inanso yothokozera imene sifuna ndalama. Ulendo ukatha amatumiza mafunso kuti munene mmene zinayendera. Wantchito aliyense amavala baji ya dzina lake. Lembani dzinalo penapake, ndipo poyankha mafunsowo mumutchule. Mnyamata uja anandiuza kuti akuluakulu ake amawerenga zimenezo, ndipo zimamuthandiza pa nkhani ya kukwezedwa. Ine ndinamupempha mwana wathu kuti andithandize kulemba bwino m'Chingerezi.

Kunja kwa sitima kufupa kuli ndi malo ake, ndipo kumeneko pamafunika marandi ang'onoang'ono. Onyamula zikwama padoko ndi pabwalo la ndege timawapatsa kangachepe. M'malesitanti a ku South Africa chizolowezi ndi kusiya 10 pa 100 alionse a bilu kapena kuposerapo pang'ono. Sinthiranitu ndalama zing'onozing'ono ku Johannesburg kapena ku Durban, chifukwa kutulutsa pepala lalikulu pamaso pa wonyamula katundu n'kumufunsa chenji kumachititsa manyazi nonse awiri.

Sitima yathu inakaima ku Portuguese Island, kachilumba ka mchenga woyera kufupi ndi Inhaca, kunja kwa Maputo. Kulibe doko, ndiye sitima imaima pakati pa madzi n'kumatsitsa anthu ndi timaboti, monga imachitira Ilala pa Nkhotakota. Apa ndiye tinali ngati akatswiri, azungu akugwirana manja ife tikungolowa. Valani zoti zikanyowa musadandaule, ndipo foni muikulunge m'pulasitiki. Nyanja ikakwiya sakutsitsani n'komwe, mumangochiona chilumbacho chapatali, choncho musabukitse ulendo wonse chifukwa cha chilumba chokha. Amalonda a pagombe ankalandira marandi. Ndinagula nsalu ziwiri kwa mayi wina, ndipo ngakhale ndine wamalonda wozolowera kunenerera, sindinamufinye kwambiri, popeza sitima ikachoka msika wakenso wachoka. Za maulendo okaona malo, amene amakonzedwa ndi sitima ndi odulirapo, koma akachedwa sitima imadikira. Mukapita panokha n'kuchedwa, mutsala. Yang'anani ola lobwerera limene amalilemba potulukira, ndipo wotchi yanu igwirizane ndi ya m'sitima.

Za zakumwa amagulitsanso mtolo wolipiriratu kuti muzimwa mmene mungafunire. Kawirikawiri lamulo lake ndi lakuti akuluakulu onse a m'chipinda chimodzi agule. Ife sitimwa mowa, tinawerengera n'kuona kuti sutipindulira, koma amene amamwa awerengere yekha asanakwere, chifukwa wogula pobukitsa umakhala wotsikirapo kusiyana ndi wogula uli kale m'sitima. Ayironi ndi ketulo musanyamule, amalanda polowa poopa moto. Mankhwala anu onse akhale m'kachikwama ka m'manja pamodzi ndi pasipoti, chifukwa zikwama zikuluzikulu zimafika kuchipinda patapita maola. Amayi oyembekezera afunsiretu, sitima zambiri sizilola amene afika milungu 24. Ndipo sitima isananyamuke aliyense amayenera kupita kukaphunzira kumene angathawire pangozi ndi kavalidwe ka jekete yoyandamitsa. Musazembe, amawerenga makhadi.

Bilu yanu muziiona tsiku lililonse, osadikira lomaliza. Usiku womaliza mzere wa kukaunta unafika mpaka pamasitepe, anthu atagwira mapepala nkhope zili gwaa, ambiri akudabwa ndi zinthu zimene anagula okha n'kuiwala. Ife titaphunzira pa nkhani ya khadi ija tinkasunga lisiti lililonse m'thumba la jekete ya bambo, ndiye tinangoyerekeza n'kukagona. Usiku womwewo zikwama zimaikidwa panja pa chitseko kuti antchito azitsitse, choncho patulani zovala za m'mawa musanatseke chikwama. Ndege yobwerera musabukitse ya m'mamawa. Sitima imafika padoko kukucha, koma anthu masauzande satsika nthawi imodzi, ndipo pali za pasipoti ndi ulendo wa ku King Shaka. Yathu inali ya 3 koloko masana ndipo sitinathamange.

Panopa amayi anayi a kubanki mkhonde kwathu akusonkha kuti adzapite awiriawiri. Tinakhala pansi pakhonde la shopu ndi kope, ndipo tinalemba mizere isanu ndi umodzi: tikiti ya sitima ndi zokakamiza zake zonse, ulendo wa ku Durban, kogona usiku umodzi, zakumwa ndi za m'sitima, marandi a m'manja, ndi envulopu. Mmodzi anafunsa ngati mzere wa envulopu sungachotsedwe kuti chiwerengero chitsike. Ndinamuuza kuti utha kuchotsedwa, si wokakamiza, ndipo ndinamufotokozera za maapozi aja. Anausiya. Agwirizana kuti sabukitsa mpaka ndalama yonse ya mzere woyamba itakwana, kuti adzalipire kamodzi soya akangogulitsidwa.